Mkanda Umodzi Wosinthika: Za Nthenda ya Sickle Cell ndi Malungo

 Madzulo ano ndabwera ndi nkhani ya magazi, ndiponso ya nthenda ziŵiri zimene nkhondo yake imachitikira m'magazimo. Ndiyamba ndi zimene ndidaona ndi maso anga kwathu ku Nsungwi, ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe, pakuti ndi zimenezo zidandichititsa kuti ndikonze nkhaniyi.

Pafupi ndi nyumba yanga padali banja lina la achinyamata. Bambo ankagwira ntchito ku Kanengo, ndipo mayi ankagulitsa tomato ndi ndiwo zamasamba pamsika wa Nsungwi. Mwana wawo woyamba adabadwa wonenepa bwino, ndipo kwa miyezi 6 ankangokula mosangalatsa. Tsiku lina adalira usiku wonse osatonthola, ndipo kutacha adapezeka atatupa manja ndi mapazi, tizala tonse titafufuma. Patapita masiku kutupako kudatha, koma sikudachedwe kubweranso. Maso ake adayamba chikasu, m'manja mudayera. Akuluakulu a kumudzi atamva, adati limeneli ndi tsempho, ndipo mlandu udabuka: akuchimuna ankaloza mayi, akuchikazi ankaloza bambo. Mwanayo adamutemera mphini namumwetsa mizu, ankhoswe adakhala pansi kaŵiri konse, ndipo banjalo lidatsala pang'ono kupasuka. Potsiriza mwanayo adafika ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, kumene atayeza magazi ake adapeza kuti ali ndi nthenda yotchedwa sickle cell. Atayezanso makolo ake, adapeza kuti onse aŵiri adampatsirako mbeu ya nthendayi, aliyense theka lake, asakudziŵa. Padalibe ndi mmodzi yemwe amene adasempha mwambo.

Tsono kodi ndi chiyani chimene adachiona m'magazi a mwanayo? Kuti tiyankhe bwino funso limeneli tiyenera kutsika pang'onopang'ono, kuchoka pa zimene maso amaona kufika pa zimene sangaone. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, motero ndikupemphani kuti mudekhe nane.

Nyumba ya njerwa tikaiona patali imaoneka ngati chinthu chimodzi, koma tikaiyandikira timaona kuti ndi njerwa zambirimbiri zosanjikizana. Thupi la munthu nalonso lili chimodzimodzi. Khungu, mnofu, chiŵindi, ubongo ndi magazi omwe, zonsezi zidamangidwa ndi tinthu tamoyo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Dzina limeneli adalipereka ndi Robert Hooke wa ku England m'chaka cha 1665, ataona tizipinda tambiri m'khungwa la mtengo pogwiritsa ntchito galasi lokulitsa zinthu. Selo lililonse lili ndi chikopa chake cholikuta, ndipo m'kati mwake muli antchito ambirimbiri otchedwa mapuloteni. Puloteni ina imanyamula katundu, ina imalondera pakhomo, ina imagaya chakudya. Munthu akadwala, kaŵirikaŵiri ndiye kuti puloteni ina yalephera ntchito yake, kapena kachirombo kaloŵa m'selo ndi kulanda ntchito za eni ake.

Mwa maselo onse a m'thupi, ochuluka koposa ndi maselo ofiira a magazi. M'kadontho ka magazi kochepa ngati mutu wa singano mumakhala maselo ofiira pafupifupi 5,000,000. Amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa, okwanira 2,000,000 pa kamphindi kalikonse, ndipo lililonse limakhala ndi moyo masiku 120. Maonekedwe ake ndi ozungulira, ophwatalala, oloŵa pakati ngati chitumbuwa chimene mwachitsindika ndi chala. Komanso ndi lofeŵa kwambiri, kotero kuti limatha kudzipinda ndi kudutsa m'timitsempha tothina kuposa kukula kwake. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kutenga mpweya wa okosijeni m'mapapo ndi kukautula ku ziŵalo zonse. Wonyamula mpweyawo ndi puloteni yotchedwa himogulobini, imene ili ndi chitsulo pang'ono m'kati mwake, ndipo ndi imeneyi imafiiritsa magazi. M'selo limodzi lokha mumakhala mahimogulobini oposa 250,000,000.

Titsikenso pang'ono. Puloteni iliyonse ili ngati mikanda yotungidwa pachingwe. Mikanda imeneyi, imene akatswiri amaitcha amino acid, ilipo ya mitundu 20, ndipo ndondomeko ya katungidwe kake ndiyo imachititsa chingwecho kupindika mwa njira yakutiyakuti ndi kugwira ntchito yakutiyakuti. Himogulobini ya munthu wamkulu ili ndi zingwe zinayi, ziŵiri zotchedwa alpha ndi ziŵiri zotchedwa beta, ndipo chingwe cha beta chili ndi mikanda 146. Nanga selo limadziŵa bwanji mkanda woyamba ndi wotsatira wake? Limatsata malangizo olembedwa m'chinthu chotchedwa DNA, chimene maumbidwe ake adafotokozedwa mu 1953 ndi James Watson ndi Francis Crick, mothandizidwa ndi zithunzi zochokera ku ntchito ya Rosalind Franklin. Malangizo onsewo adalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, ndipo zilembo zitatu zotsatizana zimatchula mkanda umodzi. Ndime imodzi ya malangizo, yonena za puloteni imodzi, imatchedwa jini. Chonde musasokoneze mau ameneŵa ndi majini aja a mizimu. Jini imene ndikunena pano ndi malangizo a chibadwa, amene mwana amalandira kaŵiri, kwa mayi ake ndi kwa bambo ake.

Mu 1910 dokotala wa ku Chicago, James Herrick, adalemba za mnyamata wina wa ku chilumba cha Grenada amene maselo ake ofiira adali otalika ndi okhota ngati zenga lomwetera udzu. Dzina lakuti sickle cell lidachokera pamenepo, pakuti limatanthauza selo looneka ngati zenga. Kwa zaka pafupifupi 40 palibe adadziŵa chimene chimakhotetsa maselowo. Mu 1949 Linus Pauling ndi Harvey Itano pamodzi ndi anzawo ku California adaonetsa kuti vuto lili mu himogulobini yeniyeniyo. Aka kadali koyamba kuti nthenda ya munthu ilondoledwe mpaka kufika pa puloteni imodzi yolakwika. Kenaka m'zaka za 1956 ndi 1957 Vernon Ingram wa ku Cambridge adapeza malo enieni a cholakwikacho. Pa mikanda 146 ija, yonse ili m'malo mwake kupatula umodzi, wa nambala 6. Pamene payenera kukhala mkanda wotchedwa glutamic acid pali wina wotchedwa valine. M'malangizo a DNA, pamene payenera kulembedwa GAG palembedwa GTG. Chilembo chimodzi mwa zilembo 3,000,000,000 zimene mwana amalandira kwa kholo lililonse, ndicho chidagoneka mwana wa ku Nsungwi uja.

Mwina mufunsa kuti mkanda umodzi ungadzetse bwanji mavuto onseŵa. Mkanda woyenera uja umakondana ndi madzi, pamene valine amathaŵa madzi monga achitira mafuta. Himogulobini ikasenza mpweya palibe chovuta, koma ikangotula mpweyawo, valine amafuna pobisala, ndipo amamatirira pa himogulobini inzake yoyandikana nayo. Inayo imamatiriranso pa ina, mpaka zonse zitalumikizana ngati mitengo yaitali youma m'kati mwa selo. Selo lofeŵa lija limauma ndi kukhota. Likafika m'kamtsempha kothina silingathenso kudzipinda, motero limatsakamira monga chitsa m'ngalande, anzake nkuunjikana pambuyo pake. Chiŵalo cha kutsogoloko chimasoŵa mpweya, ndipo ululu wake ndi woopsa, makamaka m'mafupa, kumsana, m'chifuwa ndi m'mimba. Mwa khanda timitsempha ta m'tifupa ta manja ndi mapazi ndito timayamba kutsekeka, ndipo kutupa kuja kumachokera pamenepo. Ndiponso selo lokhota silikhalitsa, limafa pa masiku 10 kapena 20 okha m'malo mwa 120. Mafupa amalephera kubwezeretsa msanga maselo otayikawo, ndipo magazi amachepa. Zotsalira za maselo akufawo ndi za mtundu wachikasu, ndizo zimaonekera m'maso mwa wodwala.

Chiŵalo china chimene chimazunzika msanga ndi kapamba, amene amakhala kumanzere kunsi kwa nthiti. Ntchito yake ndi kusefa magazi ndi kugwira tizirombo toyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Maselo okhota amatseka timitsempha take mobwerezabwereza kufikira atafota mwana akadali wamng'ono. Chifukwa chake kutentha thupi kumene mwana wina akadapirira, kwa mwana wa sickle cell kungathe kupha pa tsiku limodzi. Timitsempha ta mu ubongo tikatsekeka, mwana amatha kufa ziŵalo monga achitira okalamba. Zinthu zimene zimautsa nthendayi ndi zomwe zimachepetsa mpweya kapena madzi m'magazi: kuzizira kwa mu June ndi July, ludzu la mu October, kutsekula m'mimba, malungo, ndi ntchito yolemetsa.

Tsopano tibwere ku funso limene limapasula mabanja, lakuti nthendayi yachokera kwa yani. Ndanena kale kuti malangizo aliwonse mwana amawalandira kaŵiri. Munthu amene walandira jini yabwino kwa kholo limodzi ndi jini yosinthika kwa linalo sadwala nthendayi, pakuti himogulobini yabwino imamkwanira. Amalima, amabereka, amakalamba, osadziŵa kuti wasunga mbeuyo. Tiyerekeze kuti bambo ali ndi thumba la nyemba ziŵiri, yoyera ndi yofiira, ndipo mayi ali ndi thumba lotero lomwe. Pa mimba iliyonse aliyense amapisa dzanja osayang'ana natulutsa nyemba imodzi. Zikatuluka zoyera zokhazokha, mwana alibe mbeuyo. Ikatuluka yoyera ndi yofiira, mwana ndi wosunga mbeu chabe ngati makolo ake. Zikatuluka zofiira ziŵiri, mwana amadwala. Zimenezi zimachitika kamodzi pa kanayi, koma dziŵani kuti mimba siikumbukira za inzake. Banja lingathe kubereka ana anayi osadwala ndi mmodzi yemwe, ndipo lina lingathe kubereka odwala aŵiri motsatizana. Chofunika kuchigwira ndi chakuti mwana sangadwale nthendayi pokhapokha makolo onse aŵiri ataperekako. Wothamangitsa mkazi wake chifukwa cha mwana wa sickle cell akuthaŵa chithunzithunzi chake chomwe. Nthendayi si yopatsirana podyera mbale imodzi kapena pogona mphasa imodzi, ndipo palibe mfiti ingaitumize kapena sing'anga angaichotse.

Nanga bwanji mwana uja adali bwinobwino miyezi 6 yoyamba? Mwana ali m'mimba amagwiritsa ntchito himogulobini ya mtundu wina, ya ukhanda, imene ilibe chingwe cha beta. Akabadwa thupi limaisiya pang'onopang'ono ndi kuyamba kupanga ya anthu aakulu, ndipo nthendayi imaonekera pamene ya ukhanda yachepa. Dokotala wa ana wa ku New York, Janet Watson, adazindikira zimenezi mu 1948. Muisunge mfundo imeneyi, pakuti mankhwala a masiku ano adamangidwa pa iyo.

Chaka chilichonse ana oposa 300,000 amabadwa ndi nthendayi pa dziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo amabadwira kuno ku Africa. Kodi n'chifukwa ninji mbeu yopha chotere idachuluka pakati pathu, osatha? Yankho adalipeza mu 1954 ndi Anthony Allison, amene adakulira ku Kenya. Iye adaona kuti osunga mbeuyi ndi ochuluka m'madera a malungo ambiri, monga m'mbali mwa nyanja ya Victoria, koma ndi ochepa ku mapiri ozizira kumene udzudzu ndi wosoŵa. Adaonanso kuti ana osunga mbeuyi sagwidwa kwambiri ndi tizirombo ta malungo. Apa ndi pamene nthenda ziŵiri za nkhani yathu zikukomana, pakuti kachirombo ka malungo nako kwawo ndi m'selo lofiira lomwelo.

Kachirombo kameneka adayamba kukaona ndi Alphonse Laveran ku Algeria mu 1880, ndipo Ronald Ross ali ku India adaonetsa mu 1897 kuti kamakulira mwa udzudzu. Mtundu umene umatisautsa kwambiri kuno ndi Plasmodium falciparum. Udzudzu ukaluma, tizirombo timathamangira ku chiŵindi, kumene timaswana mwakachetechete kwa sabata limodzi. Kenaka timatulukira m'magazi, ndipo kalikonse kamaboola selo lofiira ndi kuloŵamo. M'menemo kamadya himogulobini, kamaswana, ndipo pakatha maora 48 selo limaphulika, ana ake nkukaloŵa m'maselo ena. Kunjenjemera ndi kutentha thupi kumabwera pa kuphulika kumeneku. Koma kachiromboka kali ndi mdani, ndiye kapamba uja, amene amagwira ndi kuononga maselo odwala. Kuti kamzembe, kamapanga puloteni yomata ndi kuiika kunja kwa selo, kotero kuti selolo limakakamira ku khoma la mtsempha, osafikanso kwa kapamba. Zimenezi zikachitikira mu ubongo, mwana amakomoka, ndiwo malungo aakulu aja. Zambiri zimene dziko lapansi likudziŵa za malungo a mu ubongo zidaphunziridwa kuno kwathu, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mu 1989 Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adakhazikitsa muyeso wa kukomoka kwa mwana, kuyambira 0 mpaka 5, umene madokotala a maiko ambiri amautchula ndi dzina la mzinda wa Blantyre. Mu 2015 ofufuza a pa chipatala chomwecho, pojambula mitu ya ana odwala, adaonetsa kuti ambiri mwa amene amamwalira amakhala atatupa ubongo kwambiri kufikira kupuma kutaima.

M'selo la munthu wosunga mbeu ya sickle cell, kachirombo sikakula bwino, ndipo puloteni yake yomata ija siikhazikika bwino kunja kwa selo. Motero mwana wotere amatetezedwa ku malungo aakulu ndi magawo pafupifupi 9 mwa 10. Kwa mibadwo yambirimbiri, pamene kudalibe mankhwala, ana osunga mbeuyi ankapulumuka kuposa anzawo, nakula, nabereka, ndipo mbeuyo idafala. Chishango chimene chidasunga makolo athu ndi chomwecho chimene chimavulaza mwana akachilandira kaŵiri. Koma pano tichenjere. Wosunga mbeu angathe kudwalabe malungo, ndipo kwa mwana wodwala sickle cell, amene magazi ake ndi ochepa kale, malungo ndi oopsa koposa.

Palinso nkhani ina ya mkanda umodzi imene Malaŵi adaphunzitsa maiko ena. Achikulire mukukumbukira kolorokwini, mankhwala oŵaŵa aja amene ena ankawayabwitsa thupi. Kachirombo kamagayira himogulobini m'kathumba kake ka chakudya, ndipo zotsalira zokhala ndi chitsulo zija ndi chiphe kwa iko. Choncho kamaziumba kukhala timiyala tosavulaza. Kolorokwini amaloŵa m'kathumbamo ndi kuletsa kuumbako, kachirombo nkufa ndi zinyalala zake zomwe. M'kupita kwa nthaŵi mudabuka tizirombo tokhala ndi puloteni yosinthika pa khoma la kathumbako, imene imapopera mankhwalawo kunja. Mu 2000 ofufuza adaipeza puloteniyo, ndipo kusintha kwake kwakukulu kuli pa mkanda wa nambala 76. Ana atachuluka omwa kolorokwini osachira, Malaŵi adakhala dziko loyamba mu Africa kumsiya, m'chaka cha 1993, nayamba kugwiritsa ntchito SP, amene ambiri timamdziŵa kuti Fansidar. Zotsatira zake zidadabwitsa akatswiri. Ku Blantyre, mu 1992 tizirombo 85 mwa 100 tidali ndi mkanda wosinthikawo, koma pofika 2000 tidatsala 13 mwa 100. Poyesa ana a ku Ndirande, zotsatira zimene zidasindikizidwa mu 2006 zidaonetsa kuti kolorokwini adachiza 99 mwa 100 alionse. Chifukwa chake n'chakuti mkanda wosinthikawo umafooketsa kachirombo pa zinthu zina, motero mankhwala atachoka, tizirombo takale tidaposa tinzake pa kuswana. Sindikunena kuti mukagule kolorokwini, iyayi. Kuyambira 2007 mankhwala oyamba a malungo m'zipatala zathu ndi LA. Phunziro lake ndi lakuti womwa mankhwala mosamaliza, kapena womwa asadayezetse magazi, amapha tizirombo tofooka ndi kusiyira malo tolimba.

Nzeru zomwezi za mapuloteni ndizo zidabala katemera wa malungo. Akatswiri adatenga chidutswa cha puloteni imene imakuta kachirombo pamene kakuchoka mwa udzudzu, kuti thupi la mwana liizoloŵere ndi kukagwira kasadafike ku chiŵindi. Lilongwe adali amodzi mwa malo 11 a m'maiko 7 a mu Africa kumene katemerayu adayesedwa, ndipo pa 23 April 2019 Malaŵi adakhala dziko loyamba kuyamba kumpereka kwa ana ku sikelo, Ghana ndi Kenya nkutsatira. Mu October 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidamvomereza. Katemerayu amachepetsa malungo koma sawathetseratu, motero kugona m'masikito sikudathe ntchito.

Nanga za sickle cell pali chithandizo chanji? Mukukumbukira himogulobini ya ukhanda ija. Pali mankhwala otchedwa hydroxyurea amene amachititsa mafupa kuyambiranso kuipanga. Ikasakanikirana ndi yodwala ija, imaletsa mitengo youma ija kulumikizana, ndipo maselo sakhota msanga. Kafukufuku wa ana a ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda, amene adasindikizidwa mu 2019, adaonetsa kuti mankhwalaŵa amachepetsa ululu, kuthiridwa magazi, malungo ndi imfa zomwe. Kumaiko akutali afika patsogolo pena. Mu 2012 Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier adafotokoza njira yodulira DNA pa malo amene munthu wasankha, ndipo mu November 2023 dziko la Britain lidavomereza chithandizo choyamba cha sickle cell chochokera pa njirayi. Amatenga maselo obala magazi a wodwalayo, namasula malangizo a himogulobini ya ukhanda amene adatsekedwa, nkuwabwezera m'thupi. Koma mtengo wake ku America udaikidwa pa madola 2,200,000 munthu mmodzi, ndipo ana ambiri a nthendayi ali kuno kumene ndalama zotero kulibe. Mwaŵi wake ndi wakuti zinthu zimene zimasunga moyo wa anaŵa tsiku ndi tsiku ndi zotsika mtengo.

Tsono nazi zimene ndikupempha makolo. Khanda likatupa manja ndi mapazi, likamayera m'manja kaŵirikaŵiri, likakhala ndi maso achikasu, kapena mwana akathiridwa magazi kangapo, pemphani achipatala kuti amuyeze sickle cell. Safunsa adadya phula. Akampeza nayo, alandire katemera yense wa ku sikelo, makamaka wa chibayo amene adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011. Amwe penisilini tsiku lililonse kufikira zaka 5 monga adokotala anenera, pamodzi ndi mankhwala othandiza kupanga magazi ndi oteteza malungo. Agone m'masikito chaka chonse, amwe madzi ambiri, afunde nthaŵi yozizira, ndipo asasambe madzi ozizira m'mamaŵa. Akatentha thupi, akabanika popuma, akatupa mwadzidzidzi kumanzere kwa mimba, akalefuka mkono kapena mwendo, musadikire kuti kuche, thamangirani ku chipatala. Inu aphunzitsi, mwana wotere akapempha madzi kapena kupita kuseri mloleni, ndipo akajomba chifukwa cha ululu musamuyese waulesi. Inu anyamata ndi atsikana amene kwanu kudaonekapo nthendayi, ndi bwino kuyezetsa musadaloŵe m'banja, kuti musankhe mukudziŵa. Ndipo inu ankhoswe ndi mafumu, mlandu wa mwana wodwaladwala usaweruzidwe pabwalo magazi ake asadayezedwe.

Ndibwerere ku Nsungwi. Mwana uja adakula ndithu, ndipo pamene banjalo linkasamuka adali atayamba sukulu. Adali wochepa thupi poyerekeza ndi anzake, ndipo nyengo yozizira inkamgoneka masiku ena, koma ankapita ku chipatala pa masiku ake oikika ndi kumwa mankhwala ake mosadumphitsa. Agogo ake akuchimuna, amene adali patsogolo poloza chala, ndiwo ankamuveka juzi m'maŵa ndi kumpatsa botolo la madzi. Tsiku lina ndidawafunsa kuti, "Agogo, nanga za tsempho zija zidatha bwanji?" Iwo adati, "Bambo, adokotala adandiuza kuti theka la nthendayi lidadzera mwa mwana wanga, ndiye kuti lidachokera mwa ine kapena mwa malemu amuna anga. Ndikanaloza yani tsono?"

Pa 19 June chaka chilichonse maiko amakumbukira nthenda ya sickle cell. Koma inu musadikire tsiku limenelo. Ngati m'mudzi mwanu muli mwana wa zizindikiro zimene ndatchulazi, kauzeni makolo ake zimene mwamvazi, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.